Anyezi wa Lachitatu

Makina oonera tinthu tosaoneka pasukulu pathu ndi amodzi okha.
Amagona m'kabati ya ahedi
pamodzi ndi mbendera ndi mpira wophulika.
Lachitatu lija aphunzitsi a Bendita anawatulutsa
atawafukata ngati khanda lobadwa masiku osakwana.
Kagalasi kake kapansi n'kong'aluka,
ndiye tinadikira dzuwa la ku Ulongwe ling'ambe nkhungu
mpaka belu lachiwiri.

Anyezi ndinabwera naye ndine.
Ndinamusolola pamulu wa amayi, wa mametikali makumi awiri,
umene unkadikira ulendo wa kumsika wa m'malire.

Ana makumi asanu ndi limodzi, aliyense diso limodzi.
Mzere unatuluka pakhomo kukathera pabulugamu.
Zefaniya anati akungoona nsidze zake.
Lurudesi anaseka, napumira pagalasi, kunachita chifunga.
Itakwana nthawi yanga:

njerwa!
Khoma loyalana bwino popanda mmisiri,
ndipo m'chipinda chilichonse kadontho kamodzi kofiirira
kali phee pakona
ngati munthu wodikira basi yochedwa.

"Selula," anatero m'Chipwitikizi, choko chikulira pabolodi.
Kenaka anasuzumira pakhonde, natsitsa mawu m'chathu:
"Kadonthoko ndi nukileyo.
Ndiko kamasunga malangizo onse,
ndiko kamakumbutsa anyezi kuti iye si adyo."

Patatha milungu itatu anatitengera kubwalo la mpira.
Anaika kanjere ka mpiru pakati penipeni,
nauza Zefaniya athamange kupitirira golo,
kupitirira zimbudzi, mpaka kuchigayo.
"Uyo ndi elekitironi. Aka ndi nukileyo ka atomu.
Pakati ponsepa palibe kanthu."
Palibe kanthu?
Desiki, mwala, chitsulo cha njinga, dzino langa lomwe?
"Pafupifupi zonse, mwanangu, ndi bwalo lopanda osewera."
Mphepo ya Juni inauluza kanjere kaja,
tinakwawa m'fumbi osakapeza,
Zefaniya ali chiimire kutali, kudikira kuti wina amuitane.

Atate anapita ku Moatize ndili m'kalasi yachinayi,
kukagwira ntchito kumalasha.
Chaka choyamba ankatumiza ndalama pafoni.
Chachiwiri ankatumiza moni.
Ndinaimika dzanja, ndinafunsa
ngati elekitironi imatha kupita osabwerera.
Anati imatha. Atomu ina imaikoka, imakakhala komweko.
Nanga yotsalayo?
Siigwa, anatero, koma imasintha dzina,
ndipo imakhala ikukoka chilichonse chodutsa pafupi.
Ndinatsitsa dzanja.

Pamayeso ndinasakaniza ziwirizi.
Funso linali la nukileyo wa selula,
ine ndinajambula bwalo la mpira, kanjere,
ndi kamunthu kataima pachigayo.
Zisanu ndi zinayi pa makumi awiri.
M'mphepete, cholembera chofiira:
Dzina limodzi, zinthu ziwiri, Filomena.
China chimakumbuka, china chimalemera.
Ndinapinda pepalalo kanayi.

Amayi sanaiwale.
Patatha mwezi wathunthu, akusankha nyemba:
"Anyezi wanga uja unapita naye kuti?"
Ndinawauza za njerwa, za tizipinda,
za kadontho kodziwa zonse kamene sikalankhula.
Anatenga wina m'dengu, nasenda ndi chikhadabo
kachikopa kopyapyala ngati phiko la inswa,
nakayang'anitsa pa kuwala kwa foni,
diso limodzi atatsinzina monga ndinawaonetsera.

"Sindikuona kanthu."

Koma sanakataye.
Ananyowetsa chala ndi malovu
nakamata pagalasi la zenera loyang'ana kumsewu,
kumene malole a ku Tete amadutsa usiku
nyali zawo zikusesa denga lathu.
Kali pomwepo mpaka lero, kouma, kopindika m'mbali.
M'mawa dzuwa limadzera m'kati mwake,
m'zipinda zikwizikwi zimene sitingazione,
ndipo mlongo wanga wamng'ono akafuna kukachotsa
amayi amamumenya dzanja.